Pepala kapena makina: voti yanu iwerengedwe bwanji?

Aliyense amene anagulitsapo soya kapena mtedza kwa venda pa Santhe kapena pa Chamama amaidziwa nkhani ya sikelo. Thumba limene kunyumba linakwana makilogalamu 50 likafika kwa venda limapezeka ndi 46. Ukadandaula amakuyankha kuti, "Sikelo sinama, bambo." Chimene chimakupulumutsa pamenepo n'chimodzi chokha, thumba likadalipo. Ukhoza kulikweza panjinga, kupita nalo pa sikelo ina n'kuliyezetsanso. Koma akangolikhuthulira pamulu wa soya wa anthu ena, mlandu wathera pomwepo.

Mkangano wa makina ovotera ndi womwewu. Chisankho chikamayandikira, pa Kasungu Boma mumamva achinyamata akunena kuti tinatsalira, anzathu kunja amangodina batani zotsatira n'kutuluka usiku womwewo. Ena amati makina ndi akuba basi. Ena amene anaphunzirako za makompyuta amabweretsa mawu akuti open source, n'kumati pulogalamu ikakhala yoti aliyense atha kuiwerenga, kubera kwatha. Njira zonsezi ndaziyeza ndi mafunso atatu. Kodi agogo a kwa Chulu amene sanapite kusukulu angaone okha kuti voti yawo yapita kumene amafuna? Pakabuka mkangano, chilipo choti n'kuwerenganso? Nanga alipo angadziwe amene agogowo avotera?

Tiyambe ndi njira imene tonse timaidziwa ya pa mapulaimale a zipani, yoima pamzere kumbuyo kwa munthu amene ukumufuna. Pa kuwerenga ilibe chinyengo chobisika, aliyense amaona mzere wautali ndi waufupi. Koma imagwa pa funso lachitatu. Mfumu ikukuona, amene anakupatsa kuponi akukuona, apongozi akukuona. Ndaitchula chifukwa ikuonetsa pamene pali vuto lenileni la chisankho: timafuna kuwerenga koonekera kwa onse, komanso chinsinsi cha munthu aliyense, zonse pakamodzi. Njira zina zonsezi zikulimbana ndi mfundo imeneyi.

Pepala ndi manja

Iyi ndi imene timagwiritsa ntchito. Umalandira pepala lovotera, umalowa mobisika, umachonga kapena kudinda chala, n'kuponya m'bokosi anthu akuona. Kukada bokosi limatsegulidwa pamalo pomwepo.

Ndinakhalapo monita pasukulu ina ya pulaimale kumpoto kwa boma lino, ndipo usiku umenewo sindiuiwala. Madesiki anawakankhira pakati pa kalasi, nyali ya batire ili pamwamba pa bokosi lopanda kanthu. Woyang'anira malowo, mphunzitsi wachikulire, ankatenga pepala limodzilimodzi n'kulikweza m'mwamba kuti tonse tilione, kenako n'kuliika pamulu wake. Pepala lina chala chinadindidwa pamzere weniweni wolekanitsa anthu awiri. Tinakangana mwina mphindi khumi, aliyense akuliyandikiza kunyali, mpaka tinagwirizana kuti lipite kwa mavoti owonongeka. Titamaliza, chiwerengero chinaperewera ndi pepala limodzi poyerekeza ndi mapepala amene anaperekedwa. Monita wachipani china, mnyamata, anayamba kukweza mawu. Mphunzitsi uja anangoti, "Achimwene, khalani pansi, palibe akuchoka muno. Tiwerenganso." Pepalalo linapezeka m'bokosi la makhansala, wina analiponya molakwika. Tinasaina tambala woyamba atalira kale, aliyense n'kutenga kope lake la zotsatira.

M'kalasi monse muja munalibe katswiri, koma tonse tinamvetsa chilichonse chimene chinachitika. Mphamvu ya njirayi ili pamenepo.

Zofooka zake tinaziona tokha mu 2019. Chisankho cha pa 21 May chaka chimenecho chinapatsa a Peter Mutharika 38.57 peresenti ndipo a Lazarus Chakwera 35.41, kusiyana kwa mavoti pafupifupi 159,000. Pa 3 February 2020 majaji asanu a khothi loona za malamulo oyendetsera dziko anachithetsa, khothi la Supreme n'kuvomereza mu May, ndipo tinavotanso pa 23 June. Anthu ambiri amatenga nkhaniyi ngati umboni woti pepala ndi lachabe. Ine ndimaiona mosiyana. Chimene khothi linapeza chinali pa mapepala a zotsatira: manambala ofufutidwa ndi tipeksi, mapepala ena osasainidwa, makope ogwiritsidwa ntchito m'malo mwa mapepala enieni. Ndipo linatha kupeza zimenezi chifukwa tipeksi amaoneka ndi maso. Loya ankakweza pepala m'mwamba, monga ankachitira mphunzitsi uja, dziko lonse likumvera pawailesi. Nambala yosinthidwa mkati mwa kompyuta sisiya banga loyera.

Komabe tisabise. Anthu otopa amalakwitsa masamu. Mapepala amayenda mtunda wautali pamisewu yafumbi asanafike kowonkhetsera. Ndipo pepala limapsa. Mu 2014 nyumba yosungiramo katundu wa MEC ku Lilongwe inapsa muli mabokosi a mavoti, pa nthawi imene mavoti a dera la Lilongwe City South East ankayembekezeka kuwerengedwanso. Thumba lija likapsa, sikelo yachiwiri ilibenso ntchito.

Makina odina batani opanda pepala

Awa ndi amene achinyamata amawasirira. Umadina pa chithunzi cha munthu, makina amalira, voti yalowa. Palibe mavoti owonongeka, palibe kuchezera usiku wonse. Dziko la Brazil linayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1996 ndipo pofika 2000 anali paliponse. Zotsatira za dziko lalikulu lija zimatuluka m'maola ochepa.

Vuto lake n'lakuti soya amakhuthulidwira pamulu nthawi yomweyo. Chimene chatsala ndi nambala imene makinawo akunena, ndipo ukawafunsanso abwereza nambala yomweyo, kaya ndi yoona kaya ndi yabodza. Madzi akatayika saoleka.

Anzathu a ku Namibia anayesa. Mu 2014 anakhala oyamba mu Africa kuvota ndi makina otere pachisankho cha dziko lonse, ogulidwa ku India. Chisankho cha 2019 chitatha, a Panduleni Itula, amene anapikisana nawo pa upulezidenti, anakasuma, ndipo mu February 2020 khothi lalikulu la dzikolo linagamula kuti kugwiritsa ntchito makinawo popanda pepala lotsimikizira kunali kosemphana ndi malamulo, ngakhale silinathetse zotsatira. Namibia inabwerera kupepala. Ku Netherlands, mu 2006 gulu la nzika linaonetsa pa TV kuti makina awo atha kusinthidwa mkati, ndipo dzikolo linawasiya n'kubwerera kupepala ndi pensulo yofiira. Chigamulo chimene chimandifika pamtima ndi cha ku Germany cha pa 3 March 2009. Khothi silinanene kuti wina anabera. Linati nzika wamba iyenera kutha kutsatira mmene voti yake yawerengedwera popanda kukhala katswiri. Dziko lodzaza ndi mainjiniya linakana kuti anthu ake azingokhulupirira mainjiniya. Njira iyi ndikuikana, ngakhale wina atatipatsa makinawo ulele.

Makina otulutsa kapepala

India inaona vutoli. Khothi lake lalikulu linanena mu 2013 kuti pepala lotsimikizira n'lofunika, ndipo lero ukadina batani kapepala kamaoneka kuseri kwa galasi kwa masekondi 7, kosonyeza dzina ndi chizindikiro, kenako kamagwera m'bokosi lotseka. Kuyambira 2019 timapepala ta makina asanu m'dera lililonse laling'ono timawerengedwa ndi manja n'kuyerekeza ndi zimene makina anena.

Izi zikuposa makina opanda pepala kutalitali. Koma taganizirani agogo a maso ofooka, amene akuona makinawo koyamba, anthu ali pamzere kumbuyo kwawo padzuwa. Masekondi 7 aja adzayang'ana pagalasi? Ndipo akaona kuti chizindikiro si chimene anadina, adzalimba mtima kuuza bwana wovala yunifomu kuti makina ananama, chikhalirecho kutero n'kuulula amene amafuna kumuvotera? Pepala limene munthu wachonga ndi dzanja lake silifuna kuti alitsimikizenso, analemba yekha. Onjezerani mtengo: makina pamalo aliwonse ovotera, mabatire, posungira pouma zaka zisanu, zonse zogula ndi ndalama zakunja zimene tikusowa ngakhale zogulira mafuta ndi feteleza.

Pulogalamu yosabisa

Apa ndichedwepo, chifukwa ndi pamene anthu anzeru amasokonekera. Kompyuta iliyonse imatsatira malangizo amene munthu analemba, amene akatswiri amawatchula kuti source code. Makampani ambiri ogulitsa makina a chisankho amabisa malangizowa ngati chinsinsi cha malonda. Open source ndi pamene malangizo onse aikidwa poyera, aliyense atha kuwawerenga, kuwayesa, ngakhale kuwatenga n'kuwakonza. Tibwerere kwa venda uja: zili ngati walola kuti mutsegule sikelo yake, muone sipuling'i, muitane mnzanu wodziwa kukonza masikelo aiyang'ane.

Phindu lake ndi lenileni. Ku Switzerland mu 2019, malangizo a pulogalamu yovotera pa intaneti ya Swiss Post, bungwe la positi la dzikolo, ataikidwa poyera, ofufuza atatu, Sarah Jamie Lewis, Olivier Pereira ndi Vanessa Teague, anapeza chibowo choti munthu wamkati akanatha kusintha mavoti popanda wozindikira. Pulogalamuyo inali itadutsa kale m'manja mwa akatswiri olipidwa. Inaimitsidwa. Ikanakhala yobisika, chibowocho chikanangokhala. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pulogalamu yowerengedwa ndi maso ambiri imagwidwa msanga ikalakwa.

Si zachilendonso. Dera la likulu la Australia linagwiritsa ntchito pulogalamu yosabisa pachisankho cha 2001. Ku America kuli bungwe losachita phindu la VotingWorks limene malangizo ake onse ali poyera pa tsamba la intaneti la GitHub, ndipo makina ake anayamba kugwira ntchito ku Choctaw County, Mississippi, mu 2019.

Kwa ife kuli phindu lina limene ndimaliona lalikulu kuposa onse. Dziko likagula pulogalamu yobisika limakhala m'manja mwa wogulitsa: pofuna kusintha kanthu kakang'ono, lipirani; pofuna kuunika, pemphani chilolezo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Pulogalamu yosabisa ikanatha kuwerengedwa ndi aphunzitsi ndi ophunzira a ku MUBAS, ku UNIMA, ku MUST ndi ku Mzuni, chipani chilichonse n'kulemba katswiri wake, ndipo nzeruyo ikanatsala kwathu kuno.

Koma tsopano mvetserani pamene pulogalamu yosabisa imalekezera. Mwawerenga malangizo pa intaneti, mwapeza kuti ndi abwino. Mudziwa bwanji kuti makina amene afika pasukulu ya kwa Wimbe m'bandakucha wa tsiku lovota muli malangizo omwewo? Venda anakuonetsani mkati mwa sikelo Lolemba. Lero ndi Lachisanu, ndipo sikelo inagona kunyumba kwake. Akatswiri ali ndi njira zoyerekezera pulogalamu ziwiri, koma poyerekezapo amafunsanso kompyuta, ndipo monita wa kumudzi sangatsatire. Komanso kuika malangizo poyera sikutanthauza kuti alipo amene wawawerengadi. Choncho makina odina batani opanda pepala, ngakhale pulogalamu yake ikhale yosabisa chotani, akugwabe pa funso lachiwiri. Akatswiri awiri a ku America, Ron Rivest ndi John Wack, anaikhazika bwino mfundoyi mu 2006: chisankho chikonzedwe moti pulogalamu ikalakwa kapena ikasinthidwa mobisa, isathe kusintha zotsatira popanda anthu kuzindikira. Chinthu chodziwika chimene chimakwaniritsa zimenezi ndi pepala limene wovota waliona ndi maso ake.

Kuvota pafoni

Funso limene ndimalimva kawirikawiri ndi ili: ngati timatumiza ndalama pa Mpamba ndi pa Airtel Money, tilekeranji kuvota pafoni? Yankho lili m'uthenga umene umabwera ukatumiza ndalama. Uli ndi dzina lako, dzina la wolandira ndi kuchuluka kwake, ndipo zikasokonekera umakadandaula ndi umboni umenewo. Voti siyenera kukhala ndi lisiti lotere, chifukwa lisiti likhoza kuonetsedwa kwa wogula mavoti.

Estonia, dziko la anthu pafupifupi 1.3 miliyoni, lakhala likuvota pa intaneti kuyambira 2005, ndipo mu 2023 mavoti oposa theka anadzera njira imeneyi. Kumeneko munthu atha kuvota kangapo, yomaliza ndiyo imawerengedwa, kuti amene wakakamizidwa akasinthe ali yekha. Koma ganizirani tenanti pa esiteti ya fodya kuno ku Kasungu, amene chakudya chake chonse mpaka nthawi ya okushoni chimachokera kwa bwana. Kapena mayi amene foni ya pabanja ili m'thumba la amuna ake. Kachipinda kovotera kaja, ngakhale ndi kakatoni chabe, ndi malo okhawo amene anthu amenewa amakhala okha. Sindingakasinthanitse ndi foni.

Pepala, makina owerenga, ndi kuwerenganso mwamaere

Njira imene akatswiri ambiri a chitetezo cha makompyuta amailimbikitsa imaphatikiza zabwino za mbali zonse. Munthu amachonga pepala ndi dzanja, pepalalo limadutsa m'makina ojambula amene amawerenga, kenako limasungidwa. Chisankho chikatha, mapepala ena amasankhidwa mwamaere n'kuwerengedwa ndi manja. Opikisana akasiyana kwambiri, mapepala ochepa amakwanira kutsimikiza wopambana. Akayandikana, owerengedwa amachuluka, mwina mpaka onse. Njirayi anaiyambitsa ndi katswiri wa masamu Philip Stark, ndipo chigawo cha Colorado ku America chinakhala choyamba kuigwiritsa ntchito m'dera lake lonse mu 2017. Kumeneko amagubuduza madayisi pamaso pa anthu kuti pasakhale wodziwiratu mapepala amene adzatengedwe. Ku Georgia, chigawo chinanso cha America, mu 2020 kusiyana pa mpikisano wa pulezidenti kunali kochepa kwambiri moti anawerenga ndi manja mapepala onse pafupifupi 5 miliyoni, ndipo wopambana sanasinthe.

Njirayi ndi yabwino, koma makina ojambulawo sindikuona kuti tikuwafuna. Ku America pepala limodzi limakhala ndi mipikisano yambirimbiri, n'chifukwa chake manja amalephera. Ife timasankha anthu atatu, pulezidenti, phungu ndi khansala, ndipo pamalo amodzi owerengera pamakhala mavoti mahandiredi angapo. Manja amakwanitsa usiku umodzi. Chimene tingatengeko ndi maere aja.

Kumene kompyuta ikufunikadi

Mavuto athu akhala pakati pa kalasi ija ndi malo aakulu owonkhetsera mavoti. Ku Kenya n'chimodzimodzi. Pa 1 September 2017 khothi lalikulu lotsogozedwa ndi David Maraga linathetsa chisankho cha pulezidenti chifukwa cha katumizidwe ka zotsatira, ndipo lina mwa madandaulo a khothi linali lakuti bungwe loyendetsa chisankho la IEBC silinatsegule makompyuta ake monga linalamulidwira. Mu 2022 anachita chinthu chosavuta koma champhamvu: chithunzi cha pepala la zotsatira la malo aliwonse, oposa 46,000, chinaikidwa pa intaneti kuti aliyense awonkhetse yekha. Mkangano unalipobe, koma unali pa mapepala amene onse ankawaona.

Kwathu kuno, chisankho cha pa 16 September 2025 chisanachitike, mkangano waukulu unali pa zipangizo za kompyuta zoyendetsera chisankho zotchedwa EMD zochokera ku kampani ya Smartmatic, zimene MEC inagwiritsa ntchito pa kalembera ndi pa kayendetsedwe ka zotsatira. Zipani zotsutsa zinkafuna kuti akatswiri oima paokha aziunike. Mavoti enieniwo anali apapepala, owerengedwa ndi manja, ndipo zotsatira zinalengezedwa pa 24 September. Miyezi yonse ya kukayikirana ija inatheka chifukwa anthu sankadziwa za mkati mwa zipangizozo. Apa ndi pamene pulogalamu yosabisa ingatithandize kwambiri: pa kalembera, pa kutumiza ndi pa kuwonkhetsa. Pulogalamu yowonkhetsa manambala ilibe chinsinsi choyenera kubisidwa kwa eni mavoti.

Ndiye ine ndikusankha chonchi. Pepala lochonga ndi dzanja likhale. Kuwerenga kuzichitikira pamalo pomwepo mamonita akuona, aliyense atenge kope losainidwa, lina limatidwe pachitseko. Chithunzi cha pepala la zotsatira chiikidwe pa intaneti malo ndi malo, osati chiwerengero cha boma lonse chokha, kuti monita wa ku Nkhamenya ayerekeze kope la m'thumba mwake ndi limene lafika ku likulu. Pulogalamu iliyonse yogwira manambalawa ikhale yosabisa, ndipo zimenezi zilembedwe m'mgwirizano wogulira, miyezi yambiri chisankho chisanafike. Kenako lamulo linene kuti zotsatira zisanalengezedwe, mabokosi ena osankhidwa mwamaere pamaso pa zipani atsegulidwe n'kuwerengedwanso, pakhale dandaulo kapena ayi. Masiku 8 amene MEC ili nawo olengezera zotsatira za pulezidenti angafunike kuwaonanso kuti ntchitoyi ikwanemo, ndipo ndi nkhani yoti aphungu athu aikambirane.

Zonsezi zimadalira kuti mabokosi asungike. Bokosi likamatsekedwa pamaikidwa zomangira zokhala ndi manambala, ndipo usiku uja ndinaona kuti pa mamonita tonse tinali m'kalasimo, awiri okha ndi amene analemba manambalawo. Enawo anali atatopa, akufunafuna njinga zawo. Ngati mudzakhale monita, amalume kapena azakhali, tengani kope la zotsatira, lijambuleni ndi foni pomwepo, ndipo musachoke musanalembe nambala ya chomangira chilichonse kuseri kwake. Tsiku lodzatsegulanso bokosilo, nambala imeneyo ndi imene idzanene ngati lili lomwe lija munalitseka.